Geni ya makina a ukalipentala: otchipa aja amagwiradi ntchito?

Achimwene, mwafunsa zinthu ziwiri pakamodzi: kuti malonda odutsa ndi makina a ukalipentala pamalire amayenda bwanji, komanso ngati makina otchipa aja, ma drill, masowo a magetsi ndi ma sander osalazira matabwa, angamukwanire munthu wongokhoma mashelefu ndi timatebulo pakhomo. Kwa ine funsoli ndi limodzi. Wogula akakhutira, katundu sabwerera. Akabwerera, phindu la ulendo wonse limathera pomwepo, chifukwa kumene munamupikula kuja n'kutali ndipo sakukumbukaninso.

Makina otchipawa amakwanira, inde, koma si onse. Ndipo chimene chimavuta kawirikawiri si chimene anthu amachiopa.

Yambani mwadziwa kumene makinawa amachokera. Ambiri mwa otchipa amapangidwa ku China, m'madera ngati Yongkang m'chigawo cha Zhejiang ndi Qidong m'chigawo cha Jiangsu. Fakitale imodzi imatha kupanga drill yofanana n'kuiveka mayina angapo, yina yofiira, yina yachikasu, malinga ndi amene waoda. Opikula akuluakulu amakakumana ndi mafakitalewa ku Canton Fair mumzinda wa Guangzhou, imene imachitika mu Epulo ndi mu Okutobala, n'kudzaza makontena. Ife a mpamba wochepa timagula kwa iwowo, makatoni ochepa, m'dziko limene kontenayo yafikira. Choncho dzina la pabokosi lisakuzunguzeni mutu. Ngakhale mayina otchuka ali pachibale: DeWalt ndi Black+Decker mwini wake ndi mmodzi, Stanley Black & Decker; makina a magetsi a Milwaukee ndi Ryobi ambiri amatuluka m'manja mwa Techtronic Industries ya ku Hong Kong; Bosch imapaka obiriwira makina a pakhomo, abuluu n'kusiyira amisiri. Makita nayo, ngakhale ndi ya ku Japan, ili ndi mafakitale ku China. Mawu akuti "ndi za ku China izi" sakuuzani kanthu. Funsani kuti achotsamo chiyani kuti mtengo utsike.

Amachotsa m'malo osaoneka. Waya wa mu mota m'malo mokhala wa kopa amaika wa aluminiyamu, umene umatentha msanga. Maberingi amakhala opepera, nyumba ya magiya ya pulasitiki, switchi yosalimba, nthambo yaifupi ndi youma. Zonsezi zimafupikitsa moyo wa makina oyaka tsiku lonse. Koma wa pakhomo amayatsa Loweruka lokha, kuboola mabowo angapo, kudula matabwa awiri atatu, n'kusunga. Mota imeneyo sangaimalize msanga. N'chifukwa chake drill ya nthambo, sander ndi jigsaw (kasowo kodulira mokhotakhota) zotchipa ndimagulitsa mtima uli m'malo. Sander ikagwedezeka kwambiri imangotopetsa dzanja, thabwa limasalalabe.

Pamene ndimachita tcheru ndi pa makina amene ntchito yake ndi kulunjika. Sowo yozungulira, router (yosemera mizere ndi m'mphepete mwa thabwa), mitre saw (yodulira makona) ndi table saw (sowo ya patebulo) sizifa msanga ayi, koma zimanama. Chitsulo chapansi chimene sowo imakhalira chikakhala chopyapyala chimapindika, ndipo pamene mwaika madigiri 90 sipadula 90. Fensi ya table saw, chitsulo chimene thabwa limatsamira podula, ikamasuntha pang'ono pokha mukaimanga, matabwa awiri amene mwadula "ofanana" sakumana. Woyamba kumene amadzida yekha kuti alibe luso, pamene vuto lili m'makina. Ine popikula sindisiya sikweya m'thumba. Ndimatsegula bokosi limodzi pamtundu uliwonse, kuyeza buledi ndi chitsulo chapansi, kugwedeza shafti kuona ngati ikusewera, kukankha chotchingira buledi kuona ngati chikubwerera chokha mwamsanga. Wogulitsa akakana kuti nditsegule, ndimapita kwina. Table saw yopanda kachitsulo kaja kamene kamaima kumbuyo kwa buledi kuti thabwa lisapane sindiinyamula n'komwe, ngakhale atanditsitsira bwanji, pakuti thabwa likapana limabwerera kwa mwini wake ndi liwiro loopsa.

Chinsinsi chimene makasitomala ambiri sachidziwa ndi buledi. Imene imabwera m'bokosi nthawi zambiri ndi yongodzazira malo. Sowo yotchipa yokhala ndi buledi yabwino imadula bwino kuposa sowo yodula mtengo ya mano obuntha. Ya mano 24 ndi yong'ambira thabwa m'litali, ya mano 40 kapena 60 ndi yodulira chopingasa ndi mapulayi mosalala. Kwa wamalonda apa ndi pabwino: mabuledi, tizitsulo toboolera ndi sandipepa n'zopepuka, sizisweka panjira, ndipo amene anagula makina chaka chatha amabwera yekha kudzazifuna.

Mabatire ndiwo amandiwiritsa mutu. Batire limene ena amalemba 18V ndipo ena 20V Max ndi limodzimodzi: timabatire tisanu totsatizana, tikadzadza n'kufika 20, tikamagwira ntchito n'kukhala 18. Ndiye mukaona kabatire ka msinkhu womwewo kolembedwa 48V kapena 88V, dziwani kuti nambalayo ndi yokongoletsa. Chimodzimodzi kabatire kopepuka kolembedwa 6.0Ah, nambala yosonyeza kuchuluka kwa magetsi amene kamasunga: timabatire ta m'kati mwake ta mtundu wa 18650 tilibe mphamvu yotere tikakhala mzere umodzi, pamafunika mizere iwiri, ndipo kulemera kwake kumamveka m'manja. Komanso kampani iliyonse ili ndi khomo lake la batire. Dzina losadziwika likasowa pamsika, kasitomala amatsala ndi makina abwinobwino opanda chowayatsira, n'kubwera kwa inu. Wa pakhomo amene ali ndi magetsi ndimamulangiza makina a nthambo. Pa ndalama yomweyo amapeza mphamvu zambiri, ndipo nthambo siikalamba m'kabati ngati batire.

Tsopano zimene zimagwetsa ongoyamba. Mayiko sagwirizana pa magetsi. Ku United States ndi ku Canada ndi mavoti 120, ku Japan 100, pamene ku Europe ndi mbali yaikulu ya Africa ndi pakati pa 220 ndi 240. Makina a 120 mukawalowetsa pa 230 amapsa nthawi yomweyo, ndipo kadaputala ka pulagi sikasintha mavoti. Mapulagi nawo ndi osiyana: ya mano atatu afulati ya ku Britain siilowa m'soketi ya mano ozungulira ya ku South Africa. Miyeso ndiye imabisala kwambiri. Router ina imagwira tizitsulo ta mamilimita 6, ina ta kota ya inchi, yomwe ndi 6.35. Kusiyanaku kumaoneka kochepa, koma kachitsulo kozungulira maulendo opitirira 20,000 pa mphindi kakakhala kosagwirika bwino kamatha kufwamphuka. Bowo la pakati pa buledi lingakhale la mamilimita 16, 20 kapena 30. Musanapikule makina alionse, dzifunseni ngati zowadyetsa zikupezeka kumene mukukagulitsa. Ngati sizipezeka, nyamulani pamodzi, apo ayi asiyeni.

Pamalire pamafunika invoisi yeniyeni ndi ndandanda ya zimene zili m'katoni iliyonse. A kasitomu amaika katundu m'magulu a manambala amene mayiko ambiri amatsatira: makina ogwira m'manja okhala ndi mota ali pa 8467, mabuledi a sowo pa 8202, mabatire a lithium pa 8507. Gulu ndilo limatchula msonkho, ndiye mukasakaniza zonse pamzere umodzi mukuwapatsa mpata wosankha okha. M'mayiko ambiri msonkho amawerengera pa mtengo wa katundu kuphatikiza inshuwalansi ndi mayendedwe, kenako VAT n'kukwera pamwamba pa zonsezo. Ambiri amamva za mapangano a COMESA kapena SADC n'kuganiza kuti chilichonse chogula kwa anansi chimadutsa chaulere. Mapangano amenewa amaona kumene chinthu chinapangidwa. Drill yopangidwa ku China imakhalabe ya ku China ngakhale mwaigula kutsidya kwa malire pomwepa. Zotsitsa mtengo pa invoisi musayerekeze. A kasitomu amaona katundu wotereyu tsiku lililonse, mitengo amaidziwa, ndipo akakayika amawerengera okha katundu wanu ali mosungira, inu mukulipira malo. Katundu akachuluka pezani ajenti wovomerezeka. Ngati mukuyenda pandege, mabatire a lithium osamangirira pamakina saloledwa m'chikwama chopita pansi, ndipo opitirira 100Wh, muyeso wa mphamvu yonse ya m'batire, amafuna chilolezo cha kampani ya ndege. La 18V 5Ah ndi 90Wh.

Feki ndi nkhani ina. Makina otchipa a dzina lawolawo ndi malonda oona. Makina otchipa ovala dzina la Makita kapena Bosch ndi mlandu, akhoza kulandidwa pachipata, ndipo amakhala oipa kuposa otchipa wamba chifukwa ndalama yonse inapita pa utoto ndi zomata. Chizindikiro cha CE, chosonyeza kuti katundu akutsatira malamulo a chitetezo a ku Europe, nachonso musachidalire chokha, popeza pa makina ambiri wopanga ndiye amadzichitira umboni.

Waranti nthawi zambiri imathera pamalire. Kakhadi ka m'bokosi kamagwira ntchito m'dziko limene munagula, ndiye kwa kasitomala wanu waranti ndinuyo. Yatsani makina alionse pamaso pake asanachoke, mugwirizane masiku amene angabweze, mulembe pa risiti, ndipo powerengera mtengo wogulitsira ikanimo kale amene adzabwerere. Sungani mabulashi a kaboni, maswitchi ndi nthambo, chifukwa makina ambiri amene amabwera "atafa" amakhala angotha mabulashi, ntchito ya mphindi zochepa kwa wokonza amene mwapangana naye. N'chifukwa chake ndimakonda kubwereza mitundu iwiri kapena itatu yomweyo m'malo motola dzina latsopano ulendo uliwonse: sipeya imodzi imakwanira makina ambiri.

Ulendo woyamba tengani ma drill a nthambo, ma sander, ma jigsaw ndi masowo ozungulira ochepa amene mwawayeza nokha, malo otsala mudzaze mabuledi ndi sandipepa. Wogula aliyense mufunseni ntchito yake. Akati ndi ya pakhomo, mugulitseni. Akati ali ndi shopu yopala matabwa olimba kuyambira m'mawa mpaka madzulo, muuzeni kuti awa si ake, mumulembe pa oda ya ulendo wotsatira ndipo asiye dipoziti.