Yankho la amalume a ku Harare pa za njinga ya alamu

Uthenga woyamba

Eee, moni nonse pagulupa. Ndine amalume anu kuno ku Mabvuku. Make Tadala, uthenga wako ndinaumva usiku, koma magetsi anali atazima, foni ili pafupi kuthima, ndiye ndinati ndiyankhe kukacha. Ndingolankhula pakamwa, zolemba ndi zala zangazi tingafike mawa.

Wati bambo ako, alamu angawo, atsitsa njinga yawo ija ya Humber kudenga, chifukwa adokotala awauza kuti shuga ndi BP zimafuna thupi lizigwedezeka. Ndiye iwe ndi alongo ako mukuopa kuti munthu wa zaka 66 agwa nayo, mukuti kaya muibise, kaya muwagulire ina. Zobisazo ndakana. Ine ndili ndi zaka 68, alamu ndimawaposa ndi ziwiri, ndipo m'mawa uno ndapalasa kale, malaya sanaume n'komwe. Alamu ndimawadziwa ine. Mukabisa, akabwereka ya mnyamata wa kabaza yopanda mabuleki, ndiye mudzalira zenizeni. Chofunika n'chakuti njingayo igwirizane ndi thupi lawo la lero, osati thupi la mnyamata uja ankabwera nayo kwathu kudzafunsira chemwali wanga, belu ali ngiringiri kuyambira kudambo.

Ndiyambe ndi kugwa kwanga, kuti musamati amalume akungotama njinga. Ine ndinabwera kuno mu 1981, tawuni ino ikadatchedwa Salisbury, dzina la Harare linabwera chaka chotsatiracho. Zaka zonse ndikugwira ntchito ku Msasa ndinkapita pa njinga, yakuda, ya chitsulo chapakati, yofanana ndi ya alamuyo. Mvula, dzuwa, chisanu cha Juni, osagwapo ngakhale kamodzi. Nditapuma pantchito ndinaisiya zaka zingapo, mimba inayamba kutsogola, mawondo kulira ndikamadzuka pampando. Tsiku limene ndinaitenganso ndinayenda bwinobwino mpaka kumashopu n'kubwerera. Kugwa ndinagwera pageti panga pomwe, njinga itaima. Ndimati ndiponye mwendo kumbuyo monga kale, mwendo unakana kukwera, buluku linakola kaliyala, ine pansi khu, njinga pamwamba panga. Azakhali anu anatuluka ndi mthiko m'manja, choyamba kuseka, kenako ndiye kufunsa ngati ndavulala. Chigongono chinatupa sabata yathunthu.

Ndiye mumve bwino. Munthu wamkulu kawirikawiri sagwa akuthamanga. Amagwa pokwera, potsika, ndi poima mwadzidzidzi. Chiuno chimakhala chauma, mwendo sufika pomwe unkafika. Ine ndinagulitsa yakuda ija n'kugula yopanda chitsulo chapakati, imene kwathu mumati yachizimayi. Anzanga a kuno anandiseka, ati sekuru mwatenga ya ambuya, ndiye kuti agogo aamuna mwatenga ya agogo aakazi. Ndinati sekani. Mwa ondisekawo awiri anagula zawo chaka chisanathe. Alamu akakana yachizimayi, poti ndikudziwa akana, aphunzire kuipendeketsa njinga kumbali kwawo asanaponye mwendo, atagwira buleki. Ikapendekeka chitsulo chija chimatsika, mwendo umadutsa mosavuta.

Dikirani, wina akugogoda.

Uthenga wachiwiri

Aaa, anali mwana wa aneba, amafuna mpope. Mpope wangawu wasanduka wa mudzi wonse.

Tsopano Humber ija. Musaitaye, zitsulo za kale zija n'zolimba kuposa zambiri zonyezimira zomwe zadzaza m'mashopumu. Koma njinga yokhala kudenga zaka khumi, chilichonse cha mphira chimakhala chafa. Matayala angaoneke amoyo, mano ali onse, koma ukawafinya m'mbali uona ming'alu ngati chidendene cha m'chilimwe. Amenewo achoke, pamodzi ndi machubu. Pambali pa tayala pamakhala nambala, pa njinga ngati imeneyo imakhala 28 x 1½. Mugule za nambala yomweyo, chifukwa za 26 za njinga zamagiyazi sizilowa. Mu valavu muli kampira kakang'ono ngati kachingwe, kamene kamauma n'kumatulutsa mpweya pang'onopang'ono. Anthu amavutika kumata chubu chabwinobwino, kufunafuna pobooka m'beseni la madzi, pomwe wolakwa ndi kampira kotchipa kuposa bokosi la machesi.

Mabuleki ndiye ndikhalepo pang'ono, chifukwa apa m'pamene pali moyo wa bambo ako. Njinga zakalezi mabuleki ake ndi a timitengo tachitsulo, ndipo malimu ake ndi achitsulo chonyezimira chija. Kukauma zimagwira ndithu. Koma limu ikanyowa, kaya ndi mvula kaya ndi mame a m'mawa, ukagwira buleki njinga imangopitirira ngati sunaiuze kanthu, mpaka tayala lizungulire kangapo madzi achoke. Ine zinandichitikira potsetsereka, ndinaima ndi nsapato. Ndiye timphira ta mabuleki tikhale tatsopano, ndipo alamu adziwe kuti kukanyowa buleki amayambira patali, kugwira pang'onopang'ono kuti limu iume. Ntcheu si Balaka, kuli zitunda. Asadalire buleki yakutsogolo yokha potsika, agwire zonse ziwiri, yakumbuyo iyambe.

Wokonza njinga amasule mahabu onse awiri ndi pakati pamene pamazungulira mapedulo, achotse girisi wakale amene amakhala wauma ngati phula, aike watsopano, aone ngati timipira tachitsulo ta m'katimo sitinadyeke. Aonenso kotapini, kachitsulo kaja kamene kamagwira mkono wa pedulo. Pedulo ikamagwedera, kumamveka kho, kho, ukamaponda, ndiye kuti kotapini yatha, ndipo ikakutaya utaimirira pachitunda umakhalira chitsulo chija, sindinena zambiri pagulu pali ana. Masipoko awakunge, wilo isamavine. Mukawerengetsa zonsezi n'kupeza kuti mtengo wayandikira wa njinga yatsopano, pamenepo ganizirani ya Buffalo. Kuno ziliko, kwanunso ziliko. N'zolemera, sizithamanga, koma zinapangidwira misewu yathu yafumbiyi, ndipo chitsulo chake chapakati n'chotsikirako. Buleki yake yakumbuyo ndi yopondera mapedulo chambuyo, imene siisamala za mvula, kungoti imafuna kuizolowera masiku angapo pabwalo asanalowe nayo mumsewu.

Chishalo. Anthu akuluakulu ambiri amati njinga imapweteka mawondo, pomwe vuto ndi chishalo chotsika kwambiri, munthu akupalasa mawondo ali m'khosi ngati wakhala pa mpando wa ana a sukulu ya mkaka. Muyeso wake ndi uwu: akhale pachishalo wina atamugwirira njinga, aike chidendene pa pedulo ili pansi penipeni, mwendo uwongoke. Akamapalasa ndi kutsogolo kwa phazi, bondo limakhala lopindika pang'ono chabe, ndiye zili bwino. Koma sabata ziwiri zoyamba muchitsitseko pang'ono, kuti akaima zala za kumapazi zizifika pansi, mantha achoke. Mahandulo akwere, msana ukhale wowongoka, aziona kutsogolo osapinda khosi. Ubwino wa Humber ndi umenewo, munthu umakhala ngati mfumu pampando.

Uthenga wachitatu

Pepani, unaduka wokha.

Za mayendedwe ake. Alamu asayambe ndi ulendo wa kumsika wa ku Tsangano ati aonetse anthu kuti akadali mwamuna. Ayambe ndi mphindi 10, pamalo athyathyathya, abwerere asanatope. Sabata yotsatira 15, kenako 20. A zaumoyo amanena mphindi 150 pa sabata, ndiye kuti theka la ola masiku asanu, ndipo afikapo pakatha mwezi kapena iwiri, palibe womuthamangitsa. Muyeso wanga ine ndi pakamwa. Ngati ndikutha kupereka moni n'kuyankha za kunyumba ndili pa njinga, ndiye kuti mtima uli bwino. Mawu akayamba kuduka, ndimachepetsa. Chitunda chikakula ndimatsika n'kukankha, ndipo ndinasiya kalekale kuchita nazo manyazi. Koma chifuwa chikathina, kapena chizungulire, kapena kupweteka kotsikira kumkono, pamenepo aime, akhale pansi, apite kuchipatala, osati mawa.

Poti ali ndi shuga, asatuluke m'mimba muli mbee atamwa mankhwala. Adye kaye kaphala kapena mbatata, m'thumba mukhale maswiti awiri atatu, chifukwa kupalasa kumatsitsa shuga, munthu umangoyamba kunjenjemera ndi thukuta lozizira. Botolo la madzi pakaliyala. Nsapato zotseka, osati patapata, mapazi a munthu wa shuga safuna zilonda. Ndipo akapitanso kusikelo yawo ya BP akawauze adokotala kuti ndayamba njinga, amve ngati pali choti asinthe.

Ine ndimatuluka 6 koloko isanakwane, makombi, maminibasi a kuno, ndi timagalimoto tonyamula anthu ta mushikashika tisanayambe misala yake. Mu Juni ndi Julayi ndimadikira dzuwa, chifukwa Harare ili pamwamba, pafupifupi mamita 1,500, ndipo m'madambo mumagwa chisanu choyera, zala zimakana kugwira buleki. Masiku ambiri ndimangozungulira Mabvuku ndi Tafara, kupatsa moni achikulire anzanga, poti kuno ambiri ndi akwathu, ana ndi zidzukulu za aja anabwera nthawi ya Mthandizi, pamene ankalemba anthu kwathu kudzagwira ntchito kuno, mpaka gule amavinidwa konkuno. Loweruka ndimafika ku Cleveland Dam, kumbali kwa msewu wa ku Mutare, kumene umayambira mtsinje wa Mukuvisi. Ndimakhala pamwala, kudya nthochi yanga, kuona mbalame, basi n'kubwerera. Kamodzi pachaka, mu Okutobala majakaranda akachita maluwa, ndimalimba mtima kupita mpaka ku Avondale kukaona misewu itasanduka yapepo. Kumayadi kumeneko kuli tinjira ta njinga m'mbali mwa msewu, ta kalekale, kungoti mizu ya mitengo inatitukula, ndipo maluwa aja akanyowa amaterera ngati therere. Kukongola kwake kumafuna wapansi.

Msewu waukulu ndimaupewa, ndipo alamu aupewe M1. Malole a pamenepo mphepo yake yokha imakukankhira kunja kwa tala. Adutse njira za m'midzi. Nyengo ya mvula asalowe m'chithaphwi chimene sakuona pansi pake. Kuno maenje a mumsewu akadzaza madzi onse amaoneka ofanana, lina lofika m'kakolo, lina lomeza wilo yonse, ndipo ndinapindapo limu mwa njira imeneyo. Avale chowala, malaya oyera kapena kajekete konyezimira kaja. Helemeti ndimavala, ngakhale azakhali anu amati ndimaoneka ngati kamba. Madzulo kukayamba mdima njinga ilowe m'nyumba, maso athuwa usiku si a kale.

Kusamala kwake si ntchito yaikulu ukamachita kawirikawiri. Ine Lamlungu ndikabwera kutchalitchi ndimaitembenuza miyendo m'mwamba pakhonde, wailesi ili pambali. Ndimafinya matayala ndi chala chachikulu, akabonyezeka ndimapopa. Tayala lofewa limalemetsa njinga, ndipo ukagunda mwala chubu chimalumidwa ndi limu, timabowo tiwiri toyandikana ngati yaluma njoka. Ukaona timabowo totero usanamizire minga, vuto ndi mpweya. Kenako tcheni. Ndimalipukuta ndi kansanza mpaka lisiye kuda, ndiye kadontho ka oyilo pa mfundo iliyonse, kuzunguza mapedulo, n'kupukutanso wapamwamba yense. Oyilo amafunika m'kati mwa mfundo, wakunja amangoitana fumbi, fumbi ndi oyilo zikasakanikirana zimadya tcheni ngati tupa. Mafuta ophikira ayi, amamata. Oyilo wakuda wochotsa m'galimoto amene anyamata amakonda, ayinso, muli tizitsulo. Kabotolo kakang'ono ka oyilo wa injini watsopano kamatha chaka.

Tcheni likakalamba limatalika. Tengani tepi ya atelala ija ya mayi ako, muyeze mainchesi 12 kuyambira pakati pa kapini kamodzi. Pa tcheni labwino, pa 12 pamagwera pakati pa kapini kena ndendende. Kakapitirira moonekeratu, tcheni latha, ndipo mukalisiya lidya mano a fuliwilo, mugula ziwiri m'malo mwa chimodzi. Ine zipangizo ndimakagula ku Siyaso, ku Mbare, kumene ukhoza kupeza chilichonse chachitsulo chimene chinapangidwapo padziko, bola upite ndi chakalecho m'manja ukayerekeze, apo ayi ubwera ndi cha njinga ina.

Pansi pa chishalo pazikhala kathumba: zigamba, solushoni, kasandipepa, sipanala ya 15 yomasulira wilo, ndi masupuni awiri akale ochotsera tayala. Mpope amange pa felemu. Pomata apale kaye chubu, apake solushoni, adikire iume mpaka isamamate chala, ndiye aike chigamba. Alamu ndi opupuluma, amamata ikadali yonyowa, chimenecho muwakumbutse.

Make Tadala, ndili ndi chishalo china chachikulu cha masipuling'i, chimene ndinagula n'kupeza kuti pa yangayi sichikhala bwino. Pa Humber chikwana. Pali mayi wina wa kutchalitchi kwathu akukwera basi ya ku Blantyre sabata yamawa, yodzera ku Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza, ndimupatsira pamodzi ndi timphira ta mabuleki, ukalandire pa Wenela. Iwe unditumizire chithunzi cha nambala ya patayala ndi cha mabulekiwo chapafupi, kuti ndisagule zolakwika. Ndipo uwauze alamu andiimbire okha madzulo ano, magetsi akakhalapo. Azakhali anu akupereka moni, akuti tiyi wazizira.