Tifunseni: Kodi n'koyenera kuyendetsa galimoto ndi ana kuchokera ku Blantyre mpaka ku Karonga?

FUNSO

A Mkonzi,

Ndine bambo wa ana atatu ndipo ndimakhala ku Chilomoni mumzinda wa Blantyre. Mayi a kunyumba kwawo ndi ku Karonga, ndipo papita zaka zinayi tisanapiteko monga banja, moti mwana wathu wotsiriza, yemwe ali ndi zaka ziwiri, agogo ake amangomuonera pafoni. Chaka chino kuntchito andipatsa tchuthi cha masiku 7 pa Khirisimasi. Kagalimoto tili nako, koma wodziwa kuyendetsa ndine ndekha. Maganizo anga ndi oti tinyamuke mbandakucha n'kukafika tsiku lomwelo kuti tisataye masiku pamsewu. Alamu anga akuti kumeneko n'kudzizunza chabe, kuli bwino ndalama za mafutazo tiwatumizire apongozi akonzetsere denga la nyumba. Kodi ulendo woterewu uli ndi phindu tikaganizira maola amene tidzathere m'galimoto?

Bambo wa ana atatu, Chilomoni

YANKHO

Zikomo bambo chifukwa cha kalata yanu. Ine ndikuti pitani, koma maganizo okafika tsiku lomwelo muwasiye, chifukwa ndi amene angachititse kuti mawu a alamu anu aoneke oona.

Tiyambe ndi mtunda. Kuchokera ku Blantyre kukafika ku Lilongwe podzera pa Zalewa, Ntcheu ndi Dedza pali makilomita opitirira pang'ono 300, kuchokera ku Lilongwe kukafika ku Mzuzu podzera ku Kasungu ndi Jenda pali pafupifupi 360, ndipo kuchokera ku Mzuzu kutsikira ku Karonga pali ena pafupifupi 220. Onse pamodzi akuyandikira 900. Munthu akakhala pabalaza amawerengera ngati galimoto idzathamanga makilomita 100 pa ola ulendo wonse, n'kupeza maola 9, koma msewu wa M1 sulola zimenezo. Umadutsa pakati penipeni pa malo a malonda monga Lunzu, Lizulu, Chimbiya, Nathenje, Mponela ndi Nkhamenya, ndipo aliyense amene anafikapo pa Lizulu tsiku la msika akudziwa mmene zimakhalira: milu ya kabichi ndi matumba a kachewere zafika m'mphepete mwa tala, amayi akuthamangira minibasi ndi mabeseni a tomato pamutu, akabaza akuoloka osayang'ana kumbuyo, ndipo galimoto ikungokwawa. Onjezerani zipata zolipira pamsewu za pa Chingeni ndi pa Kalinyeke, marodibuloko a apolisi, kuchuluka kwa magalimoto mu Lilongwe, ndi malo amene msewu ukukonzedwa. Woyendetsa wosamala yemwe wanyamula banja lake akawerengera makilomita 60 pa ola sanalakwe, ndipo pamenepo maola 9 aja asanduka 15, musanaikepo nthawi yodya, yothira mafuta ndi yoti ana adzithandize.

Tsono taonani kumene maola amenewa akukufikitsani. Mukanyamuka 4 koloko m'mamawa, m'nkhalango ya Chikangawa mudzadutsamo masana atapendeka, nthawi imene mu Disembala mvula ndi nkhungu zimakonda kutseka msewu, ndipo ku Mzuzu mudzafika dzuwa likulowa. Chitunda cha Chiweta, chomwe chili ndi makona akuthwa ndiponso mathiraki olemera onyamula malasha ndi mafuta, mudzachitsika mumdima, mutakhala kale pachiwongolero maola oposa 13, ana atatopa ndi kulira, mayi akulimbana ndi tulo pofuna kukuchezetsani. Malo ovuta kwambiri a msewu wonse mukuwasungira nthawi imene maso anu ndi ofooka kwambiri. Izi sindingakuvomerezeni ngakhale galimoto yanu itakhala yatsopano, popeza chimene chimayamba kutopa paulendo wotere ndi munthu, ndipo munthu wotopa sazindikira kuti wayamba kusinza.

Choncho ulendowu ndi wa masiku awiri popita ndi awiri pobwerera. Mukadzera M1, pakati pa ulendo ndi pa Kasungu: mukagona pamenepo, Chikangawa mudzaidutsa m'mawa ndipo Chiweta mudzatsika dzuwa lili pamutu.

Apa ndi pamene funso lanu lenileni lagona, chifukwa pa masiku 7 aja anayi apita pamsewu ndipo kumudzi kwatsala atatu okha. Kodi atatuwo ndi okwanira? Kwa munthu amene amapitako kawirikawiri angakwanire, koma inu papita zaka zinayi. Tsiku loyamba lidzathera malonje, achibale akubwera mmodzimmodzi kudzaona ana. Pa zaka zinayi m'mudzi mwagwa maliro amene simunafikepo, ndipo mkamwini wolemekezeka sangachoke asanayende m'makomo kukapepesa. Pali tsiku la Khirisimasi lenilenilo, lomwe limathera kutchalitchi ndi kuphika. Ana nawonso sazolowera msanga: wamng'onoyo tsiku loyamba adzakana kunyamulidwa ndi agogo ake, lachiwiri adzavomera monyinyirika, ndipo pamene wayamba kuwalondola kukhitchini inu muli kalikiliki kulongedza katundu. Akuluakulu anati mlendo ndi mame, koma zidzukulu siziyenera kufika kwa agogo awo ngati alendo. Muyezo umene ndimapatsa aliyense wofunsa funso ngati lanuli ndi wakuti masiku okhala kumene mukupita asachepere masiku a pamsewu, ndipo pa dongosolo lanu muyezowu sukukwana.

Njira yokonzera zimenezi ilipo. Kambiranani ndi akuntchito kuti tchuthi chanu chilumikizane ndi Loweruka ndi Lamlungu, komanso muonetsetse kuti pa 25 ndi pa 26 Disembala, omwe ndi masiku a tchuthi cha boma, sanawerengedwe m'masiku anu 7. Mukapeza masiku 9, asanu mudzakhala kumudzi ndipo ulendo wayamba kuoneka bwino. Zikakanika, mayi ndi ana atsogole pa basi sukulu zikangotsekera, agone ku Mzuzu kuti mwana apume, inu muwatsatire ndi galimoto pamodzi ndi wachibale wodziwa kuyendetsa, ndipo mudzabwerere limodzi. Ngati zonsezi sizitheka, musachite manyazi kuusuntha ulendowu kuti udzachitike mu Ogasiti, pamene ana ali patchuthi chachikulu, misewu ndi youma ndipo magalimoto sachuluka ngati pa Khirisimasi.

Ndisanafike pa ndalama ndikufuna nditsutse mawu anu akuti masiku a pamsewu ndi otayika. Amatayika ngati ana angokhala kumbuyo mawindo otseka, akufunsa ngati mwafika. Pali msewu wa m'mbali mwa nyanja, wa M5, umene umapatuka pa M1 m'boma la Ntcheu n'kudzera ku Golomoti, Salima, Nkhotakota, Dwangwa ndi Chintheche mpaka kukwera ku Mzuzu, ndipo zambiri zimene mwana wanu wamkulu amaloweza m'kalasi zili m'mbali mwa msewu umenewu. Pa Mua pali mishoni imene ansembe a White Fathers anaitsegula mu 1902, ndipo nyumba yake yosungira zinthu zachikhalidwe ya Chamare ili ndi zigoba zambirimbiri za gule wamkulu pamodzi ndi mbiri ya Achewa, Angoni ndi Ayao. Ku Nkhotakota kuli mkuyu umene David Livingstone anakumana pansi pake ndi Jumbe mu 1863 pa nkhani ya malonda a akapolo. Pa Dwangwa ana adzaona minda ya nzimbe imene shuga wa m'tiyi wawo amachokera, ndipo mukayandikira Nkhata Bay msewu umalowa pakati pa mitengo ya rabara yobzalidwa m'mizere, pomwe anyamata amaima m'mbali akudunditsa pa tala mipira yopota ndi rabara wa m'mitengo yomweyo. Mpira umodzi wa amenewo udzasangalatsa ana onse a kumudzi kwa agogo kuposa choseweretsa chodula cha m'sitolo. Mukagona ku Nkhotakota kapena ku Chintheche, ana adzasamba m'nyanja madzulo, ndipo kwa iwo tsiku limenelo lidzakhala kale tchuthi.

Chenjezo ndi lakuti M5 ali ndi milatho ingapo yopapatiza, ndipo nyengo ya mvula mitsinje yotsika kumapiri imasefukira n'kudula msewu. Musananyamuke funsani madalaivala a mabasi pa Wenela, chifukwa iwo amadziwa za msewu wa dzulo lomwe, ndipo akakuuzani kuti kwavuta dzerani kumtunda. Mungathenso kupita ndi msewu wina n'kubwerera ndi wina. Mukatsika Chiweta, pa Chitimba mudzaona msewu wa Gorodi wokwera ku Livingstonia, kumene Robert Laws anakhazikitsa mishoni mu 1894, koma msewuwo uli ndi makona 20 okhota kwambiri ndipo si woyeserapo kagalimoto kakang'ono kodzaza ana nthawi ya dzinja. Ku Karonga komweko kuli nyumba yosungira zinthu zakale, imene inatsegulidwa mu 2004, momwe muli chifanizo cha chigoba cha Malawisaurus, chinyama chachikulu chamakedzana chimene mafupa ake anapezeka m'boma lomwelo.

Tsopano za alamu anu, omwe sindikufuna kuti muwapeputse. Kupita ndi kubwera ndi makilomita pafupifupi 1,800, ndipo ngati galimoto yanu imayenda makilomita 12 pa lita imodzi mufunika malita 150. Chulukitsani ndi mtengo wa lita wa lero, muonjezere malo ogona usiku uwiri, zolipira pazipata, chakudya cha panjira ndi ndalama yapadera yoti tayala likaphulika musasowe pogwira. Chiwerengerocho muchiyerekeze ndi matikiti a basi a banja lonse popita ndi pobwera, ndipo mudzapeza kuti banja likakula galimoto sidula monga imaonekera, makamaka mukakumbukira kuti pobwerera apongozi sadzakulolani kuchoka opanda thumba la mpunga wa kilombero. Za dengalo, mayi a kunyumba afunse okha kwa amayi awo. Ngati likudontha moti nkhalamba ikugona posuntha mphasa, ndiye kuti alamu anu anena zoona ndipo denga litsogole, ulendo udikire Ogasiti. Koma ngati ndi ntchito yoti ingadikire, kumbukirani kuti ndalama mungatumize pafoni mwezi uliwonse, pamene kuti agogo abereke mdzukulu wawo kumbuyo pafunika mwanayo afike.

Zotsalazo ndi zodziwika. Galimoto ikaonedwe ndi makaniko kudakali sabata, makamaka mabuleki, matayala ndi magetsi, ndipo mapepala ake onse akhale osatha ntchito. Mafuta muzithira thanki ikangofika pakati, popeza m'zaka zaposachedwapa akhala akusowa mosayembekezereka, koma musanyamule zigubu za petulo m'galimoto momwe muli ana. Mwana wamng'ono asakhale pamiyendo kumpando wakutsogolo, aliyense amange lamba, ndipo muziima pakatha maola awiri alionse. Musanalowe m'makona a Chikangawa ndi Chiweta ana asadye zamafuta zambiri, ndipo mayi asunge pafupi timapepala tapulasitiki ndi nsalu yonyowa.

FUNSO

A Mkonzi,

Ine ndi amuna anga timagwira ntchito ku Johannesburg ndipo tagula galimoto. Tikufuna kubwera nayo kumudzi ku Thyolo pa Khirisimasi ndi ana athu awiri m'malo mokwera basi monga tinazolowera. Tonse timayendetsa ndipo tili ndi masabata atatu. Kodi tichite?

Mayi wa ana awiri, Johannesburg

YANKHO

Mayi, muyezo umene ndapereka pamwambapa ukukuvomerezani, chifukwa ngakhale mutathera masiku atatu popita ndi atatu pobwerera, kumudzi mudzakhala masabata awiri athunthu, ndipo oyendetsa muli awiri. Mtunda wochokera ku Johannesburg kudzera ku Beitbridge, Masvingo, Harare, Nyamapanda ndi Tete mpaka pa Mwanza ndi Blantyre ndi woposa makilomita 1,700, koma chimene chidzakudyereni nthawi kwambiri ndi zipata zitatu za m'malire. Pa Beitbridge, masiku oyandikira Khirisimasi, mzere umatha kutenga maola ambiri, choncho yesetsani kuoloka chikhamu cha anthu chisanayambe kubwerera kwawo.

Pa basi mapepala a galimoto amayendetsa ndi eni basi, koma tsopano ntchitoyo ndi yanu m'dziko lililonse: chikalata cha umwini, chilolezo cholowetsa galimoto kwa kanthawi, inshuwalansi ya dzikolo ndi zolipira za pamsewu. Ngati galimotoyo munaigula pangongole, mufunika kalata ya banki yokulolani kuituluka nayo m'dziko. Ana akhale ndi mapasipoti awo ndi zikalata zawo zakubadwa, ndipo zonsezi muzifunse ku maofesi oyenera kudakali nthawi, osadalira anyamata oima pachipata amene amati akuthandizani. Gonani ku Musina kapena ku Masvingo usiku woyamba ndi ku Harare wachiwiri, ndipo chigawo cha Tete, komwe kumatentha kwambiri mu Disembala, muchidutse m'mawa muli ndi madzi akumwa okwanira, kuti pa Zobue ndi pa Mwanza mufike kudakali kowala.