Amalume anu sakunama, nsomba imadziwa kumene phokoso lachokera

Imelo ya sabata ino yachokera kwa achimwene ena a ku Mufakose. Akuti Loweruka amakonda kukawedza ku Lake Chivero ndi amalume awo, ndipo akangogwetsa chitini cha nyambo m'bwato, amalumewo amakalipa kuti athamangitsa nsomba. "Koma ine ndikamira m'madzi, injini ya boti imakhala ngati ikulirira m'mutu mwanga, sindidziwa n'komwe mbali imene ili. Nanga nsomba yopanda makutu ingadziwe bwanji kothawira?"

Achimwene, zimene mumamva mukamirazo n'zoona. Mumpweya phokoso limayenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi, ndiye limayamba kufika khutu limodzi kenako linalo, ubongo n'kudziwira pamenepo mbali yake. M'madzi limathamanga mamita pafupifupi 1,500 pa sekondi, komanso limalowera m'mafupa a mutu, moti makutu onse awiri amangolimva pamodzi.

Koma makutu nsomba ili nawo, kungoti ali m'kati mwa chigaza. Tsiku lina mukamadya mutu wa nsomba, musathamangire kutaya mafupa. Muuswe bwinobwino chakumbuyo kwa maso, mupezamo timiyala toyera, tolimba ngati tizidutswa ta mbale yadothi. Nkhani yonse yagona pa timiyala timeneti. Thupi la nsomba silisiyana kwenikweni ndi madzi kulemera kwake, choncho phokoso likagwedeza madzi, nsomba yonse imagwedezeka nawo. Timiyalato n'tolemera pafupifupi katatu kuposa madzi, ndiye timatsalira, monga munthu woimirira m'basi amapendekera kumbuyo dalaivala akainyamula modzidzimutsa. Pansi pa timiyalato pali timaselo taubweya toloza mbali zosiyanasiyana, ndipo timene tapindika kwambiri ndi timene timauza ubongo mzere umene madzi akugwedezekera.

Vuto ndi loti mzere uli ndi nsonga ziwiri. Madzi akamapita uku ndi uku, mdani ali kumanja kapena kumanzere? Nsomba ikalakwitsa, yakalowa yokha m'kamwa mwa ng'ona.

Mu 1975 wasayansi wa ku Netherlands, Arie Schuijf, anapereka ganizo loti yankho lili m'kathumba ka mpweya kaja timataya potumbula nsomba. Phokoso limakafinya n'kukamasula, ndipo nsomba imafananiza: pamene kathumba kakufinyika, madzi akundikankhira mbali iti? Mbali imene akukankhirayo ndiye kothawira. Ganizoli linadzatsimikizika bwino mu 2024, pamene gulu la Benjamin Judkewitz ku chipatala cha yunivesite cha Charité, mumzinda wa Berlin, linayesa kansomba ka ku Myanmar kotchedwa Danionella cerebrum, kotalika mamilimita 12 okha, koonekera m'kati ngati galasi. Akakaimbira phokoso ladzidzidzi kankathawa kusiya sipika kumbuyo. Atasinthanitsa dala kufinyako ndi kukankha kwa madzi, kankathawira kusipika komweko. Ine mbali imeneyi imandiseketsa, kupusitsa kansomba kosakwana n'chikhadabo chomwe, koma umboni wake ndi wogwira mtima.

Si nsomba zonse zimamva mofanana. Mlamba, matemba a ku Malawi, usipa ndi tigerfish zili ndi timafupa tolumikiza kathumbako ndi khutu, timene wasayansi wa ku Germany, Ernst Weber, anatifotokoza mu 1820, ndipo zimamva kwambiri. Chambo, pamodzi ndi abale ake amene kuno timangowatcha bream, alibe timafupato, koma kugunda kwabesi ngati kwa chitini pathabwa amakumva ndithu. Palinso kamzere kaja kamayambira pamakha mpaka kumchira, kamene kamamva kuyenda kwa madzi, koma ka zapafupi zokha.

Kucheza kwanu m'bwato sikusokoneza kwenikweni, chifukwa mawu ochokera mumpweya ambiri amangobwerera akafika pamwamba pa madzi. Chimene chimalowa pansi ndi chogunda bwato lenilenilo: chitini, nkhafi, chidendene cha jombo. Loweruka likubwerali muyale chiguduli pansi musanaikepo chitinicho, ndipo muwapepese amalume.