Kuphunzira limodzi kwa anamwino ndi madokotala: zimene kafukufuku wapeza

Achemwali, mwafunsa ngati pali umboni wakuti kuphunzitsira limodzi ophunzira unamwino, udokotala ndi za mankhwala kumathandizadi odwala, kapena ndi kutayitsa nthawi ophunzira amene ali kale ndi zowerenga zochuluka. Ine ndine namwino komanso mzamba, ndipo nkhaniyi imandikhudza kwambiri, choncho ndiloleni ndiyankhe motalikirapo.

Umboni ulipo, koma sukunena kuti kungosonkhanitsa anthu m'chipinda chimodzi kumapulumutsa moyo. Pamene bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linatulutsa chikalata cholimbikitsa maphunziro oterewa mu 2010, linafotokoza kuti ophunzira a ntchito ziwiri kapena kuposerapo ayenera kuphunzira limodzi, kuphunzira kuchokera kwa anzawowo, ndiponso kuphunzira za ntchito ya anzawowo. Kukhala m'holo imodzi kumvetsera mphunzitsi mmodzi, anamwino ali mbali iyi madokotala ali mbali inayo, kumangokwaniritsa mfundo yoyamba yokha. Mu 2013 Scott Reeves ndi anzake a m'gulu la Cochrane, limene limasonkhanitsa ndi kuunika kafukufuku wa zaumoyo, anaunika kafukufuku 15 wa nkhaniyi, ndipo anapeza kuti 7 anaonetsa phindu, 4 anaonetsa zosakanikirana, pomwe 4 sanaonetse kusintha kulikonse. Choncho amene angakuuzeni kuti nkhaniyi inatha kale ndiye kuti akukokomeza.

Umboni wamphamvu uli kwa anthu amene akugwirira ntchito limodzi kale. Mu 2009 munatuluka zotsatira za kafukufuku amene anatsogolera Atul Gawande, dokotala wa maopaleshoni wa ku America, m'zipatala 8 za m'maiko osiyanasiyana, kuphatikizapo chipatala cha ku Ifakara m'dziko la Tanzania. Iwo anayesa pepala la mfundo 19 zoti onse a m'chipinda cha opaleshoni azitsimikizira limodzi mokweza mawu, wodwala asanapatsidwe mankhwala ogonetsa, asanang'ambidwe, komanso asanatuluke. Imfa zinatsika kuchoka pa anthu 15 kufika pa anthu 8 mwa anthu 1,000 alionse ochitidwa opaleshoni, ndipo zovuta zina zinatsika kuchoka pa 11 kufika pa 7 mwa anthu 100 alionse. Mfundo imodzi ya pa pepalalo imaoneka yaing'ono koma ndi imene ine ndimaiona yaikulu: aliyense, kuyambira dokotala wamkulu mpaka namwino wopatsira zida, amatchula dzina lake ndi ntchito yake. Munthu amene walankhula kamodzi pamaso pa onse savutika kutsegulanso pakamwa zinthu zikayamba kusokonekera.

Komatu boma la Ontario ku Canada litalamula kuti zipatala zonse zizigwiritsa ntchito pepala loterolo, kafukufuku wa mu 2014 wa m'zipatala 101 sanapeze kusintha kooneka pa chiwerengero cha imfa. Maganizo anga ndi akuti pepala silichiza munthu. Likangochongedwa ndi munthu mmodzi pakona pofuna kukwaniritsa lamulo, phindu lake limatha, chifukwa chimene chimagwira ntchito ndi kuyankhulana kumene pepalalo limayambitsa.

Apa ndi pamene kafukufuku wa Amy Edmondson wa ku yunivesite ya Harvard ku America amandifika pamtima. M'zaka za m'ma 1990 iye ankayembekezera kupeza kuti mawodi a anthu ogwirizana bwino ali ndi zolakwika zochepa pa kaperekedwe ka mankhwala, koma m'mabuku mwawo munali zolakwika zambiri kuposa mwa anzawo. Atafufuza mozama anaona kuti m'mawodi amenewa anthu ankaulula zolakwikazo mopanda mantha, pomwe kwina ankazibisa poopa kukalipiridwa. Ife tinaleredwa kuti wamkulu satsutsidwa pagulu, ndipo ulemu umenewu ndi wabwino, koma m'wodi ukhoza kutseka pakamwa pa munthu yekhayo amene waona vuto.

Ndinaziona ndekha usiku wina pa chipatala china chimene ndinagwirapo ntchito. Mayi wina anachira bwinobwino, mwana analira, tonse tinapita kukathandiza ena chifukwa wodi inali yodzaza. Wophunzira unamwino amene ankayang'anira mayiyo anaona kuti chitenje chachiwiri chanyowa ndi magazi ndipo mtima ukugunda mothamanga, koma popeza wamkulu amene anali pa ntchito usikuwo anali atanena kale kuti zonse zili bwino, mwanayo anangoima pafupi ndi bedi, fayilo ili m'manja, kudikira kuti wina amufunse. Amene anabwera kudzandikoka dzanja anali gadiyani, mayi wachikulire, chitenje chachitatu chili m'beseni. Tinathamanga ndi dilipi ndi mankhwala, tinapempha magazi ku labu, ndipo mayiyo anapulumuka. M'mawa wophunzirayo anandiuza misozi ili m'maso kuti anadziwa vutolo pafupifupi theka la ola m'mbuyomo. Nzeru anali nazo, buku analidziwa, chimene sanaphunzitsidwe ndi kunena kwa munthu womuposa udindo kuti, bwana, bwerani muone tsopano lino. Ndipo ife akuluakulu sitinaphunzitsidwe kumufunsa kuti, iwe ukuona bwanji?

Zimenezi siziphunzirika pa bolodi. Zimaphunzirika poyeserera ngozi limodzi mobwerezabwereza, mzamba, dokotala, wa ku labu ndi wothandizira amene amathamangira magazi, aliyense pa malo ake, kenako n'kukhala pansi kukambirana pamene panachedwa. M'zipatala za asilikali opuma ku America, kafukufuku wa mu 2010 anaonetsa kuti imfa za pa opaleshoni zinatsika ndi 18 pa 100 m'zipatala 74 zimene anthu ake anaphunzitsidwa monga gulu, pomwe m'zimene zinali zisanaphunzitsidwe zinatsika ndi 7 pa 100. Kuno kwathu tili ndi chitsanzo cha ku Queen Elizabeth ku Blantyre, kumene Pulofesa Elizabeth Molyneux ndi anzake anakonza malo olandirira ana odwala mwakayakaya, anaphunzitsa ogwira ntchito kuzindikira msanga mwana amene sangadikire pa mzere, ndipo analumikizitsa bwino a kolandirira odwala ndi a m'wodi. Imfa za ana ogonekedwa zinatsika kuchoka pakati pa 10 ndi 18 kufika pakati pa 6 ndi 8 mwa ana 100 alionse.

Nanga ophunzira amene sanayambe ntchito? Yunivesite ya Linköping ku Sweden inayamba kuwaphunzitsira limodzi mu 1986, ndipo patapita zaka 10 inatsegula wodi imene ophunzira a ntchito zosiyanasiyana amasamalira limodzi odwala enieni moyang'aniridwa. Njira imeneyi ndi imene ndingaikire kumbuyo. Popeza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zinaphatikizana kukhala yunivesite imodzi ya zaumoyo ya Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS) mu 2021, mwayi wochita zotere ulipo kuposa kale. Inu achemwali, pamene akukuitanani ku phunziro lophatikizana, funsani ngati mudzapatsidwa wodwala mmodzi kapena nkhani imodzi yoti muithetse limodzi, ngati wophunzira udokotala adzamva kuchokera pakamwa panu zimene namwino amaona usiku wonse, komanso ngati aphunzitsi ake adzachokera mbali zonse. Akayankha kuti inde pa zitatuzi, pitani ndipo mukakhale kutsogolo.