Kwa adzukulu anga a ku Brighton: mmene Ayuda adakhalira kwa eni

Adzukulu anga, m'kalata yanu muli mafunso awiri. Loyamba, mwati ku Brighton, kumene mukuchita maphunziro, mwaona kamsewu kotchedwa Jew Street ndiponso sunagoge wakale mu Middle Street, ndipo mukufuna kudziwa kuti Ayuda adafika bwanji m'tauni imene anthu amapitako kukangopumula m'mbali mwa nyanja. Lachiwiri, limene ndikuona kuti ndilo likukusowetsani tulo, mwafunsa ngati munthu wokhala kwa eni ayenera kutaya mwambo wa kwawo kuti alandiridwe, kapena aukakamire ngakhale zitatanthauza kukhala kwayekha. Ndiyankha mafunso onsewa pamodzi, chifukwa mbiri ya anthu mwawafunsawo ikuyankha funso lachiwirilo bwino kuposa mmene ndingayankhire ndi nzeru zanga zokha.

Muyambe mwadziwa kuti Ayuda sadalandiridwe ndi manja awiri ku England. Mfumu Edward I idawapirikitsa onse m'dzikomo mu 1290, ndipo adayamba kuloledwa kubwerera cha mu 1656, m'nthawi ya Oliver Cromwell. Ngakhale atabwerera, maudindo ambiri adali otseka kwa iwo, moti Myuda wosunga chipembedzo chake adakhala pampando m'nyumba ya malamulo koyamba mu 1858, ndipo ameneyo adali Lionel de Rothschild. Brighton nayo poyamba idali mudzi wa asodzi. Idayamba kutchuka dokotala wina dzina lake Richard Russell atalemba mu 1750 kuti madzi a m'nyanja yamchere amachiritsa matenda, ndipo mwana wa mfumu, amene pambuyo pake adadzakhala George IV, atayamba kupitako mu 1783, anthu achuma adakhamukira komweko. Kumene kwapita achuma kumafunika osula siliva, okonza mawotchi, osoka zovala ndi aphunzitsi, ndipo ndi mwa njira imeneyi Ayuda oyamba adafikira.

Woyamba amene dzina lake lidalembedwa ndi Israel Samuel, mu 1766. Koma amene amakumbukiridwa monga tsinde la mpingo wawo ndi Emanuel Hyam Cohen, amene adachokera ku Bavaria, dera la ku Germany, nafika mu 1782, ndipo adatsegula sukulu ya anyamata. Pofika mu 1792 adali ndi malo opemphereramo mu Jew Street muja mwaonamo. Sikudali kachisi woti munthu n'kuima kumuyang'ana, koma chipinda wamba, chifukwa mwambo wawo umafuna amuna khumi kuti mapemphero a gulu achitike, osati nyumba yokongola. Mpingowo udasamukira kumalo ena, nthawi ina udafooka anthu atachepa, kenaka udadzukanso ndi kukhazikika mu Devonshire Place cha m'ma 1820. Mu 1826 mwini malo wina amene sadali Myuda, Thomas Read Kemp, adawapatsa malo a manda ku Florence Place.

Pamenepa ndipo ndikufuna muimepo pang'ono. Anthu amenewa adali ochepa ndipo ambiri sadali olemera, koma zimene adathamangira kupeza zidali sukulu ya ana, malo okumanirana sabata ndi sabata, ndi manda. Pa mwambo wa Chiyuda maliro sachedwa kuikidwa, pamakhala gulu la anthu odzipereka amene amasambitsa ndi kuveka thupi, ndipo achibale amakhala pansi masiku asanu ndi awiri akulandira odzapepesa. Zoterezi munthu sangazikonze tsiku limene imfa yagwa. Inu mukudziwa mmene zimakhalira Mmalawi akamwalira kunjako: mauthenga a pa WhatsApp amayamba kuzungulira usiku, anthu amene sadaonanepo chaka chonse amayamba kufunsana manambala, ndipo ndalama zotumizira thupi kumudzi zimasonkhedwa mwamantha ndi mwamanyazi. Sindikunyoza chifundo chimenecho, koma ndikuti gulu lanu likhale ndi thumba, mlembi ndi malamulo ake kudakali bata, ndipo amene amasonkha mwezi ndi mwezi asamaoneke ngati wopusa pamaso pa amene amangotulukira pa tsiku la tsoka.

Komabe Ayuda a ku Brighton sadadzitsekere m'chipinda chawo chopemphereramo. David Mocatta, amene adakuza sunagoge wa mu Devonshire Place, ndi yemweyo adajambula mapulani a siteshoni ya sitima ya Brighton, imene idalandira sitima zochokera ku London kuyambira mu 1841 ndipo mpaka lero ndi pamene mumatsikira. Isaac Lyon Goldsmid adagula malo aakulu ku Hove, tauni yoyandikana ndi Brighton, mu 1830, ndipo dzina la bwalo lakumeneko la Palmeira Square lidachokera ku ulemu umene dziko la Portugal lidamupatsa. Iye yemweyo adali mmodzi mwa amene adathandiza kukhazikitsa University College London, sukulu imene inkalandira ophunzira mosayang'ana chipembedzo. Mwana wa Emanuel Cohen, Levi, adali mkonzi wa nyuzipepala ya Brighton Guardian, ndipo adalemba mosaopa za oweruza milandu mpaka adakalowa nazo m'ndende. Akuluakulu adati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, koma kalumoko kamadziwika pokhapokha mwini wake akakatulutsa ndi kumeta nako eni mudzi.

Nkhani imene imandikhudza kwambiri ndi ya Henry Solomon. Iyeyu adali wokonza mawotchi, ndipo atagwira ntchito zosiyanasiyana za tauni kwa zaka zambiri, mu 1838 adamuika kukhala mkulu wa apolisi a Brighton, zaka makumi awiri Myuda asanaloledwe kukhala m'nyumba ya malamulo. Mu March 1844 apolisi adabweretsa ku ofesi yake, m'nyumba ya khonsolo, mnyamata wina dzina lake John Lawrence amene adamugwira ataba kapeti. Solomon adamuuza kuti akhale pafupi ndi moto, ndipo mnyamatayo adatola chitsulo chosonkhezera moto n'kumumenya nacho m'mutu. Adamwalira mawa lake, nasiya mkazi ndi ana asanu ndi anayi. Anthu zikwizikwi, ambiri a iwo Akhristu, adaima m'misewu pamene thupi lake linkapita ku Florence Place, ndipo pa chopereka chothandizira banja lake Mfumukazi Victoria idaponyapo mapaundi 50. Munthu amene tauni yonse idamulira ameneyu sadasinthe chipembedzo kuti apeze udindowo, ndipo adakagona m'manda a anthu akwawo, poikidwa ndi mwambo wa makolo ake. Kotero amene akukuuzani kuti muyenera kusankha chimodzi, kulandiridwa kapena kusunga mwambo, akukuuzani zimene mbiri ya msewu umene mumayendamo ikukana.

Sunagoge wa mu Middle Street adatsegulidwa mu 1875, ndipo amene adajambula mapulani ake ndi Thomas Lainson. Kunja kwake sikodzionetsera, koma m'kati mwake muli mawindo a magalasi amitundumitundu ndi zitsulo zokongoletsedwa, zambiri zoperekedwa ndi banja la Sassoon, limene lidachokera ku Baghdad kudzera ku Bombay. Sindikubisirani kuti mbali ina ya chuma cha banjali idachokera ku malonda a opium ku China, mankhwala amene adawononga anthu ambiri, ndipo kupereka ku nyumba ya Mulungu sikufafaniza zimenezo. Albert Sassoon adadzimangira nyumba ya manda yakeyake ku Kemp Town mu 1892, ndipo adaikidwamo mu 1896; koma mu 1933 mafupa ake adawasamutsira ku London, nyumbayo idagulitsidwa, ndipo pambuyo pake idasanduka malo omwera mowa ndi zisangalalo. Zimene adapereka ku gulu zidakalipo m'manja mwa gulu, pamene chimene adadzimangira yekha chidapita kwa ogula.

Zaka zotsatira ndingozidutsa mwachangu. Kuyambira mu 1881 Ayuda ambiri osauka adathawa chizunzo ku Russia ndi Poland, ena nafika ku Brighton, ndipo m'zaka za m'ma 1930 kudafikanso othawa Hitler. Chidani sichidathe ndi nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, pakuti mu 1948 otsatira a Oswald Mosley, mtsogoleri wa gulu lodana ndi Ayuda, adayesa kuguba m'tauniyo, ndipo Ayuda amene adali asilikali pa nkhondoyo, pamodzi ndi anzawo, adawabalalitsa pa bwalo la The Level. Mpingo nawo udagawikana, ena akugwiritsa mwambo wakale, ena akuufewetsa, mpaka masunagoge adakhala angapo. Wa Reform (wa ofewetsa mwambo aja) ku Hove adapatulidwa mu 1967 pokumbukira Ayuda mamiliyoni asanu ndi limodzi amene adaphedwa ndi a Nazi. Musadabwe nako kugawikanako, ndipo mukamadzakangana pa gulu lanu za chilankhulo cha mapemphero kapena kavalidwe ka ana obadwira kunjako, mudzakangane mosatsekerana khomo pa maliro.

Chimene chidawachepetsa kwambiri sichidali adani koma kusamuka kwa achinyamata, amene adapita ku London ndi kwina kutsata ntchito ndi mabanja. Kalembera wa 2011 adapeza Ayuda osafika 3,000 mu Brighton ndi Hove, ndipo mu Middle Street simuchitikanso mapemphero a sabata ndi sabata. Poona zimenezi, Tony Bloom, mwini timu ya Brighton and Hove Albion imene abale anu kuno amaionera pa kanema, adaika ndalama zake pa malo atsopano mu New Church Road amene adatsegulidwa mu 2023, okhala ndi sunagoge, sukulu ya mkaka, malo odyera zakudya zololedwa pa mwambo wawo, ndi nyumba zoti mabanja azikhalamo.

Mwati mukufuna kukaona sunagoge wakaleyo. Nthawi zina amamutsegulira alendo, choncho mufunse tsiku lake msanga, ndipo musadabwe mukafunsidwa maina pakhomo, chifukwa nyumba zawo zopemphereramo zimalonderedwa. Anyamata muvale kachipewa kamene angakupatseni, atsikana muvale monga mmene mumavalira popita kutchalitchi kuno kwathu. Mukaitanidwa ku mapemphero a Sabata, limene limayamba Lachisanu dzuwa likamalowa mpaka Loweruka usiku, foni ikhale yozimitsa m'thumba ndipo musajambule. Mukaitana mnzanu wachiyuda kudzadya nsima, mufunse kaye zimene amadya, pakuti osunga mwambo sadya nkhumba kapena nsomba yopanda mamba monga mlamba, ndiponso sasakaniza nyama ndi mkaka pa chakudya chimodzi.