Achimwene, tengani ya makiyi ija

Achimwene, pa galimoto ziwiri mukusankha kugula zija, musachedwe nazo, tengani ya makiyi ndi mabatani ija. Yoyendera app ya pa foni yolipira ija isiyeni, ngakhale wogulitsayo alumbire bwanji kuti miyezi yoyambirira ndi yaulere. Zaulere zomwezo ndi zimene zinandinyowetsa ine ndi banja langa, ndipo ndikulemba pano mtima ukadawawa.

Yangayi ndinagula kwa munthu, itayendako pang'ono, app yake ili kale mmenemo. Ndinkanyada nayo zedi. Kutsegula zitseko pa foni, kuliza injini ndili m'nyumba, kuiona pa mapu pamene yaima. Ndinazolowera moti kiyi wachiwiri sindinkadziwanso kuti ali mu kabati iti.

Tsiku lake linali usiku, cha m'ma 11, tikuchokera kuchipatala ndi mwana wotentha thupi. Mvula inali yosati masewera. Mayi a mwana anati tiime kaye mwanayo akufuna kusanza, ndinaima pambali, iwo anatsika naye. Ine ndinatsikanso kuti ndiwafunditse jekete. Kiyi ndinali nditamutulutsa m'thumba limodzi ndi mankhwala, zonse zili pa mpando. Ndinangomva kuti khwa! Zitseko zonse zinayi. Batire ya kiyi inali itafooka, galimoto sinazindikire kuti kiyi ali mkati, inangoganiza kuti mwini wake wachoka, n'kudzikiya yokha. Sindinadandaule n'komwe. Ndinauza mayi a mwana kuti dikirani muone, ndikutulutsa foni monyadira. App kutseguka, batani lotsegulira zitseko lazilala, pamwamba pali uthenga woti nthawi yanga yaulere inatha, ndilipire kaye. Ndinayesa kulipira pomwepo, zala zikuterera pa sikirini, netiweki kadontho kamodzi. Inakana katatu.

Ndinaimba nambala yawo yothandiza makasitomala. Dinani 1, dinani 3, kenako nyimbo. Nyimbo imeneyo ndimaikumbukabe. Mwana akunjenjemera kumsana kwa amake, mankhwala ndikuwaona pagalasi, envulopu yoyera ili pa mpando pafupi ndi kiyi, mkono umodzi wokha kuchokera pamene ndaima. Atayankha munthu, mayi wina waulemu wake, anati akaunti ikadali m'dzina la mwini wake wakale, ndiye sangalandire ndalama zanga mpaka nditatumiza mapepala a umwini, ndipo kuwaunika kumatenga masiku awiri a ntchito. Ndinati mayi, mwana akudwala, nditsegulireni kamodzi kokha, mawa ndilipira chaka chonse. Anati pepani bambo, dongosolo silikundilola. Chimene chinandipweteka kwambiri n'chakuti galimotoyo ankaiona pa kompyuta yake. Anachita kunditchulira msewu umene ndaima. Kuiona akuiona, kutsegula ayi.

Anatipulumutsa ndi dalaivala wa lole amene anaima ataona mayi ali ndi mwana pamvula. Anatulutsa sipanala ya matayala, tinaswa kagalasi kakang'ono kakumbuyo kaja poganiza kuti ndiko kotchipa. Bodza, kanadula kuposa galasi lalikulu la chitseko, ndipo kanavuta kupeza. Chipsera cha pa dzanja ndikadali nacho.

Kampaniyo sinditchula, koma anthu amenewa alibe chisoni. Loko ndi wanga, waya ndi wanga, kachipangizo kolandira uthenga kali m'galimoto ndinakalipira pogula. Ndiye ndikulipiranso chiyani? Zili ngati wagula nyumba, womangayo n'kusunga kiyi wa kuchipinda kuti uzimulipira lendi. Ndipo musaganize kuti ndi kampani imodzi. Yanga si ya awa ndikutchulawa, koma onani: mu 2022 BMW inayamba kulipiritsa mwezi ndi mwezi m'maiko ena kuti mipando izitenthetsa, pamene mawaya otenthetsawo ali kale mu mpando. Anthu anakalipa mpaka anazisiya mu 2023. Mercedes ku America inaika madola 1,200 pa chaka kuti magalimoto ake ena amagetsi azithamanga msanga ponyamuka, mota yake ili yomweyo, mphamvu anangoitsekera mu pulogalamu. Komweko mu 2022 makampani a mafoni atazimitsa netiweki ya 3G, magalimoto ambirimbiri abwinobwino anangotaya zonse za pa app, ena mpaka batani loitanira thandizo pa ngozi. Galimoto imakhala zaka 15 kapena 20, netiweki sidikira zimenezo. Nanga za General Motors zija zinaululika mu 2024, kuti mmene anthu amapondera mabuleki ndi mmene amathamangira zinkaperekedwa ku makampani osonkhanitsa mbiri ya madalaivala, a inshuwalansi n'kumaona? Ukulipira kuti akuzonde.

Za sikirini ndiye musandiyambitse. Kuchotsa nthunzi pagalasi mpaka ulowe mu menyu, maso achoke pamsewu. M'galimoto yanga yakale dzanja linkapita lokha pa kabatani kozungulira, osayang'ana. Ngakhale a Euro NCAP, oyesa chitetezo cha magalimoto ku Ulaya, ananena kuti kuyambira 2026 aziyang'ananso ngati ma indiketa, ma hazadi, mawaipa ndi hutala zili ndi mabatani enieni pogawa nyenyezi zawo zosonyeza chitetezo cha galimoto. Madalaivala tinanena kalekale zimenezi, ankati ndife otsalira.

Ndiye inu achimwene, mukapita kukaiona, muzimitse data pa foni, muone zimene zikugwirabe ntchito. Zimenezo ndiye galimoto mukugulayo, zinazo n'zobwereka. Mufunse makaniko wanu ngati kamakina kake kowerengera mavuto kamalankhula nayo, chifukwa zina zimafuna kompyuta ya kwa dila basi. Koma ndikati yosavuta sindikutanthauza yakutha ayi. ABS, yoletsa matayala kutsetsereka mukaponda mabuleki mwamphamvu, ikhalepo, ma airbag akhalepo, kamera yakumbuyo ngati ilipo musaikane, imeneyo silipiritsa ndipo inandipulumutsira njinga ya mwana yemwe uja. Kiyi wachiwiri akhale ndi akazi anu, osati mu kabati. Kabatire ka kiyi muzisintha isanayambe kukuchenjezani, ndipo mudziwe kuti m'kati mwa kiyi wa rimoti mumabisala kakiyi kachitsulo, ine ndinakadziwa mochedwa, kali pa mpando limodzi ndi mnzake.

Mukaikonda ndithu yoyendera foni ija, itengeni, koma musapereke ndalama mwini wake asanachotse akaunti yake inu mukuona ndi maso. Ndisakunamizeni, yanga ija ndikadali nayo, ndipo subscription, ndalama ya app ija, ndinalipira sabata yomweyo. Kuba magalimoto kwachuluka, ndipo ndikadzuka pakati pa usiku n'kuona kadontho kaja pa mapu kali pamalo pake, ndimagonanso. Mayi a mwana ndiye sakufuna kumva, mpaka lero akamatsika amasiya chitseko chili pululu, kaya ndi pa msewu waukulu. Uthenga woti ndilipire chaka china wabwera dzana, sindinautsegule.