Chotupa cha mumsana: achipale kapena achichotse chonse?

Mayi wina wandilembera imelo sabata ino. Amuna awo awapeza ndi chotupa chotchedwa giant cell tumor m'fupa la msana, madokotala akuti si khansa, ndiye akufunsa ngati kuli bwino kungochipala kapena kuchotsa fupa lonselo.

Mayi, mawu akuti "si khansa" amenewo ndi omwe andiimitsa mutu. Ndi oona, koma amagonetsa anthu tulo. Chotupachi chimadya fupa ngati chiswe m'mtengo, ndipo mwa anthu ochepa chimakafika mpaka kumapapo. Chimakonda azaka 20 mpaka 40, kawirikawiri chakubondo. Mumsana chimabwera mwa apo ndi apo, ndiye madokotala ambiri sanachizolowere.

Mchemwali wanga anadwala chimenechi. Zinayamba ndi msana wopweteka usiku, kenako dzanzi kumwendo, mpaka nsapato inkavuka akuyenda iye osamva. Opaleshoni yoyamba anangopala. Magazi anatuluka ambiri moti anailekeza panjira, poti chotupachi chimadzaza ndi mitsempha ya magazi, ndipo palibe amene anaitseka opaleshoni isanayambe. Sipanapite nthawi yaitali chinameranso. Opaleshoni yachiwiri inali yoopsa kuposa yoyamba, chifukwa zipsera zinali zitamatirira pamitsempha ya msana. Ndinkamutembenuza pabedi ndi manja awiri, iye ataluma nsalu kuti asakuwe.

N'chifukwa chake pankhaniyi sindigwedezeka: opaleshoni yoyamba ndi imene imagamula mlandu. Kupala kumasiya tizidutswa, ndipo tizidutswato timaphuka. Pomwe zingatheke, chichoke chathunthu osachiboola, njira yomwe amati en bloc. Dokotala wa ku Kanazawa ku Japan, Katsuro Tomita, anatchuka m'zaka za m'ma 1990 ndi njira yochotsa lathunthu fupa limodzi la msana lomwe lili ndi chotupa, n'kulimbitsa pamalopo ndi zitsulo. Ndi ntchito ya maola ambiri, ndipo dokotala amene sanaichitepo ayenera kunena poyera n'kukutumizani kwa wina.

Pokhapo pomwe sindikakamiza munthu ndi pamene chotupa chili m'fupa lakumunsi kwenikweni kwa msana, la sacrum. Mitsempha yolamulira mkodzo, chimbudzi ndi mphamvu za m'banja imadutsa pamenepo. Kuchotsa chonse kungatanthauze kuidula. Mtengo umenewo asankhe ndi mwini thupi.

Palinso jakisoni wa denosumab, amene anavomerezedwa pa matendawa ku America mu 2013. Amaletsa maselo odya fupa, chotupa n'kuuma m'mbali, ululu n'kuchepa. Koma chotupa chimatha kudzukanso mukasiya, jakisoniyu amachepetsa calcium m'magazi, ndipo angathe kuwononga fupa la chibwano, ndiye mano ayambe apimidwa. Zowotcha ndi radiation zikhale za kumapeto, poti nthawi zina zimasandutsa chotupachi khansa yeniyeni.

Zoti mufunse

Kodi anatengako kachidutswa ndi singano n'kukapima? Ayamba atseka mitsempha ya magazi? Dokotalayo wachitapo maopaleshoni angati otere? Ngati chingachoke chathunthu popanda kudula mitsempha yofunika, ine ndingasankhe chimenecho. Amuna anu akachira, asadumphe sikani ya msana ndi ya mapapo, makamaka zaka zitatu zoyambirira.